Nyali ya ku Scutari ndi Maso a Namwino

Munthu akabvulala ndi nkhwangwa, kapena ndi galimoto, kapena pa nkhondo, tithamangira naye kwa dotolo. Ndipo dotolo akasoka bala ndi kumanga pfupa, ife tiyesa kuti tsoka lapita. Koma masiku otsatapo ndiwo oopsa: bala likhoza kubvunda, mwazi ukhoza kutayikira m'kati, ndipo iye amene analankhula bwino madzulo akhoza kukomoka kusanace. Woyamba kuona zimenezi ndiye namwino. Tifuna tikumbutsane m'mene kupenyetsetsa obvulala kunayambira kukhala nchito yophunzira.

M'caka ca 1853 inabuka nkhondo pakati pa Russia ndi Turkey, ndipo m'caka ca 1854 England ndi France analowamo kuthandiza Turkey. Anamenyana ku dziko la Crimea. Koma asilikari obvulala a Angerezi anawaolotsa nyanja ya Black Sea m'zombo, ulendo wa masiku angapo, kufikira ku Scutari, pandunji pa mudzi waukuru wa Constantinople, umene lero uchedwa Istanbul. Kumeneko nyumba yogona asilikari inasandutsidwa cipatala.

Mbiri ya masautso ao itamveka ku London, nduna ina ya boma, Sidney Herbert, inapempha Florence Nightingale kuti apiteko. Mkazi ameneyu anali wa banja lacuma, koma anaphunzirako nchito ya kudwazika anthu m'caka ca 1851 ku Kaiserswerth, m'dziko la Germany, kwa akazi otumikira a Mbusa Theodor Fliedner. Anafika ku Scutari pa 4 November 1854 pamodzi ndi akazi 38. M'mawa mwace kunali nkhondo yoopsa ya ku Inkerman, ndipo posacedwa zombo zinayamba kutula obvulala ambirimbiri.

Amunawo anagona mothinana, ali cibvalire zobvala za mwazi ndi nsabwe. Makoswe anayenda pakati pao, ndi ngalande za zimbudzi pansi pa nyumbayo zinali zotsekeka. Poyamba madotolo sanafuna thandizo la akazi, koma pocuruka obvulala analola. Pamenepo Nightingale anagula zokolopera, nakonza malo ocapira, nalemba akazi a asilikari kuti azicapa, nakonzanso pophikira cakudya cofewa ca anthu ofoka. Usiku anayenda m'mizere ya odwala ndi nyali m'dzanja lace, kuti aone amene aipirapo. Ndi nyali imeneyo ndiyo anthu amkumbukira nayo kufikira lero.

Koma tisabise coona: nyaliyo payokha sinaletsa imfa. M'nyengo yoyamba ya cisanu anafa komweko asilikari 4,077, ndipo amene anafa ndi kamwazi, kolera ndi nthenda zina anaposa kutari amene anafa ndi mabala ao. M'mwezi wa February 1855 anafa anthu 42 mwa odwala 100 alionse. M'mwezi wa March boma linatuma John Sutherland ndi Robert Rawlinson, amene anatsukitsa ngalande zija, natsegula polowera mphepo, nacotsa mtembo wa kavalo m'njira ya madzi akumwa. Pofika June, cisanu citapitanso, akufa anali 2 okha mwa 100.

Itatha nkhondo m'caka ca 1856, Nightingale anakhala pansi ndi William Farr, katswiri wa mawerengero, nawerenga akufa onse mwezi ndi mwezi, ndi cimene cinapha yense. Mawerengerowo anasonyeza poyera kuti wobvulala wosamalidwa ndi manja acifundo m'nyumba yauve adzafabe. Za tizirombo tosaoneka toolesa mabala anthu anali asanadziwitse masiku amenewo. Iye anayesa kuti cakupha ndi mpweya woipa, komabe ukhondo umene anaukakamira ndi womwewo ugonjetsa tizirombo.

M'caka ca 1859 analemba buku lace lochedwa Notes on Nursing, ndipo m'caka ca 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas ku London. Ciphunzitso cace cacikuru cinali cakuti namwino adziwe coyang'ana, ndi kusiyanitsa zizindikiro za kucira ndi za kuipirapo. Anatsutsa mafunso opanda mutu. Kufunsa ngati munthu wagona bwino sikuthandiza. Funso loyenera ndi lakuti wagona maora angati, ndi pa nthawi yanji.

Mbeu imeneyi inakulabe iye atamwalira m'caka ca 1910. Obvuta koposa kuwayesa anali obvulala m'mutu, pakuti wina akati wodwala wakomoka, mnzace amati angogona. Cotero m'caka ca 1974 madotolo awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza muyeso wa zinthu zitatu: ngati munthu atsegula maso yekha, kapena poitanidwa, kapena pomva kupweteka, ngati mau ace ali olongosoka, ndi ngati agwedeza ziwalo pouzidwa. Mawerengero ace acokera pa 3 kufikira pa 15, ndipo namwino akaona kuti atsika aitana dotolo msanga. Ku Blantyre kuno, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso wofanana, wa 0 kufikira 5, wa ana osatha kulankhula amene akomoka ndi malungo. M'menemo ayang'ana kulira kwa mwana, ndi ngati maso ace atsata nkhope ya amace.

Tsono mbiri imeneyi itikhudza ife tonse, pakuti m'zipatala zathu anamwino ndi owerengeka, ndipo wogona pambali pa wobvulala usiku ndiye mbale wace. Mwambo wathu waulemu utiphunzitsa kuyankha kuti wodwala ali bwinoko; koma pamaso pa namwino ulemu wotere ukhoza kutayitsa moyo. Tinene mosabisa kuti wasanza kangati, wakodza liti, bala licita pfungo kapena iai, ndi ngati anayankha pamene tinamuitana dzina lace. Tisambenso m'manja tisanamkhudze. Potero wodikira wodwala akhala diso laciwiri la namwino, ndipo mbale wathu apeza thandizo nthawi ikalipo.