Nkhani Yaifupi

Nkhani yaifupi: nkhani yopeka yolembedwa, yowerengeka pa nthawi imodzi, yomwe imazungulira pa vuto limodzi la ampangankhani owerengeka.

*Chiyambi.* Gwero lake m'Malawi ndi nthano zapakamwa, monga zomwe Amang'anja ndi Asena a m'chigwa cha Shire amakambirana madzulo. Zolembalemba zinakula ndi sukulu za mishoni, ndipo buku la Samuel Josia Ntara, *Nthondo*, linatuluka mu 1933. Magazini ya *Moni*, nyuzipepala ndi bungwe la Malawi Writers Union zathandiza kufalitsa nkhani zazifupi.

*Magawo.* Poyambira pamaonetsa mpangankhani wamkulu, malo ndi nthawi. Pakati vuto limakula mpaka kufika pachimake. Pothera limathetsedwa kapena kusiyidwa kuti wowerenga aganizire yekha.

*Kalembedwe.* Mlembi amayamba wadziwa chimene mpangankhani akufuna, chomwe chikumutchinga ndi mathero ake. Amasankha wofotokoza mmodzi, kaya "ine" kaya wapadera. Ndime yoyamba imalowa m'vuto mosazengereza. Khalidwe limaoneka m'zochita ndi m'zoyankhula, ndipo phunziro silinenedwa poyera monga m'nthano.

Malo amabala vuto. Nkhani yochitikira ku Makhanga, m'boma la Nsanje, pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ikhoza kukamba za banja lomwe lagawanika maganizo pa zosamukira kumtunda madzi atasefukira, monga mu 2015. Bwato, dimba lokwiririka ndi mchenga komanso mawu a Chisena pokambirana zimachititsa nkhaniyo kumveka yeniyeni.

*Onaninso:* nthano, sewero, ndakatulo, mwambi, chining'a.