Kodi mapulogalamu oteteza kompyuta ku mavairasi ndi odalirika motani?

Pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi imagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata amene wapatsidwa zithunzi za akuba odziwika. Imayerekeza failo iliyonse ndi mndandanda wa zizindikiro za mavairasi amene anapezeka kale, ndipo mapulogalamu amakono amayang'aniranso zimene failoyo ikuchita ikatsegulidwa. Mndandandawo ukakhalitsa osasinthidwa, mlonda amalonjera wakuba wachilendo n'kumutsegulira chitseko.

Apa ndi pamene pagona vuto m'madera monga Gokwe, tauni ya alimi a thonje m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, komanso m'matauni a migodi a Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, kumene kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mndandanda watsopano umabwera kudzera pa intaneti, ndipo intaneti imalira magetsi ndi ndalama. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku m'madera ambiri a dzikolo. Kompyuta ya pasukulu kapena ya pamalo osindikizira makalata imatha kukhala nthawi yaitali osalumikizidwa ku intaneti, chonsecho ikulandira mafulashi a anthu osiyanasiyana. Fulashi ndi imodzi mwa njira zimene vairasi ya Conficker, yomwe inatulukira mu Novembala 2008, inafalira nazo.

Kompyuta imathanso kukhala ndi ming'alu m'pulogalamu yake yaikulu, imene mlondayo sangaimate. WannaCry itagwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150 mu Meyi 2017, kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotsekera mng'aluwo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anavutika ndi aja anali asanachiike. Kampaniyi inasiya kusamalira Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020, choncho makompyuta akale ogulidwa pa kaunjika amakhala pangozi ngakhale ataikidwa pulogalamu yoteteza yabwino.

Alondawa nawonso amaphonya. Mu Epulo 2010 pulogalamu ya McAfee inatenga failo yofunika ya Windows XP ngati vairasi, ndipo makompyuta ambiri analeka kugwira ntchito. Mu Julayi 2024 cholakwika cha kampani ya CrowdStrike chinagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, n'kusokoneza maulendo a ndege, mabanki ndi zipatala.

Nkhani ya mapulogalamu olimbana ndi ukazitape, aja oletsa kuti zochita za munthu pakompyuta zisatumizidwe kwa ena mobisa, ili ndi chodabwitsa chake. Mu 2024 bungwe la boma la America loona za malonda linalamula kampani ya Avast kulipira madola 16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba amene makasitomala ake ankatsegula. Palinso mapulogalamu onyenga amene amaopseza munthu kuti kompyuta yake yadzaza mavairasi pofuna kuti alipire.

Mabungwe oima paokha monga AV-TEST ya ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Austria amayesa mapulogalamuwa n'kulengeza zotsatira, ndipo odziwika bwino amagwira pafupifupi mavairasi onse a m'mayesowo. Koma mayesowo amachitika pamakompyuta olandira mndandanda watsopano nthawi zonse. Pulogalamu yotere siingathandizenso mlimi wa ku Gokwe amene wapereka nambala yake yachinsinsi ya EcoCash kwa munthu womuimbira foni akudzitcha wogwira ntchito kukampani.