Nyongolotsi za m'mizu ya nthochi

Nyongolotsi za m'mizu, zomwe akatswiri amati manematodi, ndi tizilombo ta m'nthaka tosaoneka popanda maikulosikopu. Timaboola mizu ya nthochi zophika ndi zakupsa zomwe, n'kumadya m'kati mwake. Koopsa kwambiri ndi Radopholus similis, kamene Nathan Cobb adakafotokoza mu 1893 atakapeza m'nthochi za ku Fiji. Palinso Helicotylenchus multicinctus, ndi Meloidogyne wotupitsa mizu, yemwe alimi a fodya ndi tomato amamudziwa bwino.

Muzu wogwidwa ukang'ambidwa umaoneka wofiirira, kenaka umada n'kuola. Mikoko imachepa, ndipo mphepo ya m'dzinja ikaomba nthochi imazuka ndi chitsa chomwe, nthawi zambiri itanyamula kale mkoko.

Ku Lilongwe vutoli limakhudza nthochi za kuseri kwa nyumba, komwe anthu amapatsana mphukira mwaulere. Tizilomboti timasamuka ndi mphukira zomwezo. Ambiri amangoopa chisaka, matenda amene adawononga minda ya ku Thyolo ndi Nkhata Bay mpaka misika ya mu Lilongwe kuyamba kudalira nthochi za ku Tanzania, koma za m'mizu saziganizira n'komwe. Kumeneku n'kulakwitsa kwakukulu.

Musanabzale, sendani chitsa cha mphukira ndi mpeni mpaka chiyere, ndipo chiviikeni m'madzi otentha madigiri 55 kwa mphindi 20. Mukabzala, thirani manyowa, phimbirani ndi udzu, chirikizani nthochi yolemedwa ndi mtengo wa mphanda. Mukakayika, funsani alangizi a zaulimi kapena akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze.