Mlendo Wobisala M'madzi

Nkhani yathu ya lero iyambira pa Malingunde, pamene mtsinje wa Lilongwe, wochokera ku mapiri a Dzalanyama, udatsekedwa ndi madamu aŵiri a Kamuzu. Kufupi ndi Mitundu, pa sukulu ya Bunda, pali maiŵe ophunzitsira ulimi wa nsomba, ndipo alimi ena m'midzi adakumbanso awo. Tsono funso ndi ili: kodi tikamatenga mbewu ya nsomba kwina kudzaika m'dziŵe lathu, timatenga nsomba zokhazo?

Mbiri iyankha kuti iyayi. Tiyambe ndi za kunyanja ya mchere. Ku South Africa kuli nkhono yaikulu yodyedwa, yotchedwa abalone. M'zaka za m'ma 1980 zina mwa nkhonozi zidatengedwa kupita ku California, m'dziko la America, kwa alimi oŵeta nkhono. Pa zigoba zake padali tinyongolotsi tating'onoting'ono timene munthu sadatione. Titafika, tidaswana, ndipo nkhono za alimi zidapinimbira, zigoba zake n'kupindika. M'chaka cha 1996 tinyongolotsito tidapezeka titatuluka kale pa famu ina ku Cayucos n'kuloŵa m'nkhono za m'mphepete mwa nyanja. Kuti atithetse, anthu adatola ndi manja nkhono zoposa 1,500,000 pa gombelo. Adapambana chifukwa adafulumira.

Mwina wina anganene kuti ife nyanja ya mchere tilibe, ndiye zitikhudza bwanji? Mverani za nthenda ya zilonda za nsomba. Imeneyi siyamba ndi nyongolotsi, koma ndi chuku cha m'madzi chimene chimadya mnofu wa nsomba mpaka kusiya mabala ofiira. Idaonekera koyamba ku Japan mu 1971, m'nsomba zoŵeta. Chaka chotsatira idamveka ku Australia. M'zaka za m'ma 1980 idafalikira m'maiko a kummwera kwa Asia, ndipo pofika 1988 idali ku Bangladesh ndi ku India. Mu 2006 asodzi a pa mitsinje ya Chobe ndi Zambezi adayamba kuvuula nsomba za zilonda, ndipo apo m'pamene idadziŵika kuti yaloŵa mu Africa.

Kwathu kuno idafika mu 2020. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho anthu a ku Mchinji adaona milamba ndi nsomba zina zikuyandama pa mtsinje wa Bua, zili ndi mabala. Boma lidaletsa kugwira ndi kugulitsa nsomba m'deralo. Mabanja amene ankadalira mtsinje pa ndiwo ndi pa ndalama ya sopo ndi mchere adasoŵa pogwira. Pambuyo pake nthendayi idamvekanso m'maboma ena.

Nkhani ziŵirizi zigwirizana pa mfundo imodzi. Kanyongolotsi sikakadawoloka nyanja pakokha, ngakhalenso chuku sichikadachoka ku Asia kufika ku Zambezi popanda wochinyamula. Nthaŵi zambiri wonyamulayo ndi munthu, amene amasamutsa zamoyo za m'madzi ndi cholinga chabwino, osadziŵa kuti m'chidebe muli mlendo wobisala. Akaloŵa mumtsinje, madzi osefukira ndi maukonde onyoŵa zimamufikitsa patali.

Chotero inu a ku Malingunde, a ku Nathenje ndi kwina konse, musatenge mbewu ya nsomba kwa munthu wosadziŵika. Funsani kaye alangizi a za nsomba. Ukonde umene mwagwiritsa ntchito pa madzi ena muuyanike pa dzuŵa mpaka uumiretu musanauponye m'dziŵe lanu. Mukaona nsomba ya zilonda, musaidye, musaigulitse, ndiponso musaiponyenso m'madzi. Ikwirireni kutali ndi mtsinje ndipo kauzeni alangizi tsiku lomwelo. Anthu a ku Cayucos adapulumutsa gombe lawo chifukwa sadazengereze. Tsalani bwino.