Mbiri ya Nkhondo ya Mankhwala ndi Mabakiteriya

M'chaka cha 1928, Alexander Fleming wa pachipatala cha St Mary's ku London adaona nkhungu ina ikupha mabakiteriya m'kambale kake koyesera. Nkhunguyo ndiyo idabala penisilini, amene gulu la Howard Florey ndi Ernst Chain ku Oxford lidayamba kuchizira anthu mu 1941. Zilonda ndi chibayo, zomwe kale zinkatengera anthu kuli chete, zidayamba kuchizika.

Komatu mdani sadagone. Mabakiteriya ena ankatulutsa madzi otchedwa penicillinase omwe ankaphwanya mankhwalawo asanagwire ntchito. Polandira mphotho ya Nobel mu 1945, Fleming adachenjeza kuti kumwa mankhwala osakwanira kudzachititsa tizilombo kuwazoloŵera. Mau a akulu akoma akagonera: mu 1961 ku England kudapezeka bakiteriya wa Staphylococcus aureus wosamva ngakhale mankhwala atsopano a methicillin. Bakiteriyayu, yemwe adatchedwa MRSA, adafalikira m'zipatala zambiri.

Akatswiri adafunsana ngati n'kotheka kubwezera mankhwala akale mphamvu zawo. Yankho lina lidachokera m'dothi. A kampani ya Beecham adapeza clavulanic acid mwa bakiteriya wam'nthaka. Payekha mankhwalaŵa sapha kwenikweni, koma amamanga madzi ophwanya aja, motero amoxicillin amafika pa mdani ali wamphumphu. Aŵiriŵa adaphatikizidwa mu 1981 m'dzina la Augmentin. Komabe MRSA sagonja nawo, chifukwa iyeyo adasintha malo enieni amene mankhwala amagwirapo.

Yankho lachiŵiri ndi kupumitsa mankhwala, ndipo umboni wake uli kwathu kuno, ngakhale kuti ukukhudza kachilombo ka malungo, osati bakiteriya. Mu 1993 Malaŵi adakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba Fansidar. Kafukufuku wa ku Blantyre amene adasindikizidwa mu 2006 adapeza kuti chloroquine adachiza ana 99 mwa 100 aliwonse. Tizilombo tosamva tidazilala chifukwa tidapambanidwa ndi tinzake tomva. Mabakiteriya ambiri satero msanga. Akazoloŵera mankhwala, ena amakhala choncho zaka zochuluka.

Mu 2019 mabakiteriya osamva mankhwala adapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse. Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti kubweza mphamvu ya mankhwala n'kovuta kuposa kuisunga. Choncho kusamba m'manja m'zipatala ndiponso kupeŵa makapisozi ogula pamsika popanda chilolezo cha dokotala ndi mbali ya nkhondo yomwe Fleming adaineneratu.