Ulendo wa Pandege Pakati pa London ndi Sydney

Mizinda yotalikirana

London ndi likulu la dziko la Britain, ku Ulaya. Sydney ndi mzinda waukulu wa ku Australia. Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 17,000, moti ku London kukamacha, ku Sydney dzuwa limakhala litapendeka. Kale njira inali ya panyanja basi. Zombo zoyamba za Angerezi okakhazikika ku Sydney zinanyamuka mu 1787 n'kukafika mu 1788, patapita miyezi 8.

Mpikisano wa 1919

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, boma la Australia linalonjeza mapaundi 10,000 kwa nzika zake zimene zingakhale zoyamba kuuluka kuchokera ku Britain mpaka kwawo pasanathe masiku 30. Ross Smith ndi mkulu wake Keith ananyamuka pa 12 November 1919 pamodzi ndi amakaniko awiri. Ndege yawo, Vickers Vimy, inapangidwira nkhondo, ndipo pokhala oyendetsa panali popanda denga. Mvula ndi chisanu zinkathera pathupi pawo. Atatera ku Surabaya, pachilumba cha Java, mateyala anatitimira m'matope, ndipo anthu akumeneko anayala mphasa zansungwi kuti ndegeyo ipeze pothamangira. Anafika ku Darwin, kumpoto kwa Australia, pa 10 December, ndipo mphothoyo inakhala yawo.

Mu 1930, mayi wina wa ku England, Amy Johnson, anauluka yekhayekha mpaka ku Darwin m'masiku 19.

Njira ya kangaroo

Mu 1947, kampani ya Qantas inayamba kunyamula anthu pandege zake kuchokera ku Sydney mpaka ku London. Ulendo unkatenga masiku 4. Ndege inkatera ku Darwin, Singapore, Calcutta, Karachi, Cairo ndi Tripoli. Chifukwa cha kuteratera kumeneku, njirayi inatchuka ndi dzina la kangaroo, nyama ya ku Australia imene imayenda modumphadumpha.

Vuto ndi mafuta

Chimene chinkatsitsa ndege pansi kawirikawiri chinali mafuta. Ulendo wautali umafuna mafuta ambiri, koma mafutawo ndi katundu wolemera. Akachuluka, anthu ndi katundu ayenera kuchepa, ndipo kampani siipindula. Mu 1989, ndege ya Boeing 747 inauluka kuchokera ku London mpaka ku Sydney osatera paliponse, kwa maola opitirira pang'ono 20. Koma inatha kutero chifukwa inanyamula anthu ochepa kwambiri, mipando yambiri ili yopanda munthu.

Masiku ano

Mu 2018, Qantas inayamba ulendo wosatera pakati pa London ndi Perth, kumadzulo kwa Australia. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 14,500 ndipo umatenga maola ngati 17. Sydney ali kum'mawa, kutsidya lina la dzikolo. Apaulendo ambiri opita kumeneko amatera kamodzi panjira, ku Singapore, Dubai kapena Doha, ndipo ulendo wonse umatenga pafupifupi tsiku lathunthu, usana ndi usiku.