Kamera ya oyamba kumene kapena ya akatswiri: mugule iti?

Ambiri mumandifunsa za makamera a mirrorless, aja opanda kagalasi mkati. Tiyeni tiyerekeze awiri a Canon.

EOS R50 ndi ya oyamba kumene: yopepuka, yotsikirako mtengo, sensa yaing'ono ya APS-C, khadi limodzi basi. Pa TikTok ndi zithunzi za masana, imakwana.

EOS R6 Mark II ili ndi sensa yaikulu ya full-frame, imajambula bwino kukada, imachepetsa kugwedera kwa manja, ndipo imalowa makhadi awiri. Onsewa ali ndi mamegapikiselo 24.

Ine ndimati: ngati mumajambula maukwati, gulani ya makhadi awiri. Limodzi likafa, linalo lasunga zithunzi, paja ukwati sabwereza. Ngati mukungoyamba, tengani R50, chenji mugulire lenzi yabwino.